Chaka Chimene Sitima Inkadutsa Pakhomo pa a Sinniah

Mvula ya chaka chimenecho inagwa mopanda chisoni mpaka phiri linayamba kudontha m'kati. Mphanga imene njanji inkadutsamo, kunsi kwa esiteti ya tiyi, inang'aluka denga, ndipo tsiku lina m'mawa chimwala chinagwera panjanji sitima itangotuluka kumene. Palibe anavulala. Koma akuluakulu a njanji anati m'mphangamo musalowenso sitima mpaka atamangamo mwatsopano, ndipo ntchitoyo inali ya miyezi yambiri.

Sitima sikanatha kuleka kuyenda nthawi yonseyo. Ndiyo inkanyamula tiyi, ndiwo zamasamba, ana asukulu ndi odwala opita ku tauni ya Badulla. Motero anakumbukira njira yakale, imene njanji inkazungulira m'mbali mwa phiri mphanga isanakumbidwe. Njirayo inali itamera thengo, kupatula kachigawo kamodzi kosalala bwino, kutsogolo kwenikweni kwa khonde la a Sinniah, pamene akazi awo, a Pakkiyam, ankalimapo kabichi.

A Pakkiyam anathyola tiyi pa esitetiyo kuyambira ali mtsikana mpaka msana utakana. A Sinniah ankagwira ntchito ku fakitale, ndipo atapuma anamanga kanyumba ka malata kumtunda kwa malaini a antchito, kuti azikhala patali ndi phokoso la anthu. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo bondo lawo lodwala silinkawathandiza pa nkhani imeneyi.

Kapitawo wa anthu a njanji anafika atanyamula zikhomo ndi chingwe.

"Amayi, malo ano ndi a njanji. Dulani kabichi amene wakhwima, Lolemba tikubwera ndi mapiki."

A Sinniah anatuluka ndi ndodo yawo. "A njanji? Munali kuti pamene tinkazula miyala ndi manja pamenepa?"

"Ndi kwa kanthawi chabe, madala. Mphanga ikatha tidzazula njanji yathu."

"Kanthawi! Bondo langali adokotala anatinso liwawa kanthawi chabe. Talionani lero."

A Pakkiyam sanalowerere. Anatenga mpeni ndi dengu n'kuyamba kudula kabichi. Koma maganizo awo sanali pa mundawo.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Thilaga, amene anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi. Bambo ake anali atamupezera kale mwamuna wa kwawo, Mtamili mnzawo, koma iye anakwatiwa ndi Msinhala wina, munthu wa mtundu ndi chilankhulo china, wokonza mabasi ku tauni ya kumtunda ya Bandarawela, dzina lake Wimalasiri. Tsiku limene a Sinniah anamva za ukwatiwo anati dzina la mwanayo lisadzamvekenso m'nyumbamo. Lamuloli linawavuta a Pakkiyam kuposa mmene amuna awo ankaganizira. Mkazi wa msinkhu wawo satchula dzina la mwamuna wake, ndipo iwo zaka zonse ankangoti "bambo a Thilaga". Kuyambira pamenepo anasowa chowaitanira. Ankangoti "inu", kapena kutsokomola.

Koma za mwana wawo ankamva. Annamma, mnansi wawo wa ku malaini, anawauza kalekale kuti Thilaga amaphunzitsa kumunsi, kufupi ndi Badulla, ndipo amakwera sitima ya m'mawa popita ndi ya masana pobwerera. Sitima ikalowa m'mphanga, pansi pa nyumba yawo pankanjenjemera pang'ono, madzi a mumtsuko n'kuchita timizere. A Pakkiyam ankasiya chimene akuchita mpaka kunjenjemerako kutatha. Zaka zinadutsa chomwecho.

Anthu a njanji anagwira ntchito mwachangu. Anasalaza njira, anathira miyala yoswa, anayala mitanda, n'kukokera zitsulo pamwamba pake akuimba. Kumtunda kwa nyumba, pamene njanji yatsopanoyo inkakumana ndi yakale, anamanga kanyumba ka matabwa n'kuikamo nkhalamba ina yogwira mbendera, a Heenbanda, munthu wochepa thupi ndi wochepa mano, Msinhala wolankhula Chitamili ngati wobadwira m'malaini. Tsiku loyamba lomwe anabwera kudzapempha madzi otentha a tiyi, ndipo a Sinniah, amene analumbira kuti wa njanji aliyense sadzamwa ngakhale dontho pakhomo pawo, anakangana nawo mpaka tiyi atazizira.

Tsiku loti sitima idutse koyamba, anthu a m'malaini anakwera kudzaonerera ngati kuli ukwati. Inabwera nkhungu isanachoke, ikuyenda mwamantha, zitsulo zatsopano zikubuula pansi pake. Munthu wapansi akanatha kuipitirira. Anthu a m'mabogi ankasuzumira pakhomo pa eni ake, kuona mapoto, zovala zoyanika ndi mbuzi yomangidwa pamtengo. A Sinniah anatembenuza mpando wawo kuyang'ana kukhoma.

A Pakkiyam anaima pakhonde atagwira tsache limene sankasesa nalo. Anamuona Thilaga pazenera la bogi yomaliza. Anali atanenepa nkhope, atavala magalasi, tsitsi atalimanga kumbuyo monga amachitira aphunzitsi. Anayang'anana nthawi yonse imene bogiyo inkadutsa pakhomopo. Thilaga anangotulutsa dzanja pazenera, n'kulisiya choncho m'mwamba mpaka sitima itakhota.

"Yadutsa?" anafunsa a Sinniah osacheuka.

"Yadutsa."

"Utsi wokhawokha. Chotsani zovala zanuzo, zida."

Mawa lake masana a Pakkiyam anaotcha roti, buledi wophwatalala wa ufa ndi kokonati, anasinja tsabola ndi anyezi, n'kukulunga zonse m'tsamba la nthochi. Anabisa phukusilo m'nsalu yawo n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi. Sitima yochokera kumunsi itafika anaponya ndi mphamvu zawo zonse. Phukusi linagunda khoma la bogi, linagwera pamiyala n'kuphulika. Akhwangwala sanachedwe.

A Heenbanda anaona zonse, ndipo atabwera kudzapempha madzi anawapeza a Pakkiyam ali okha kukhitchini.

"Amayi, mwayamba kudyetsa sitima? Imamwa mafuta imene ija, roti siidya."

"Ndimaponyera akhwangwala."

"Ehe. Khwangwala wake uja wovala magalasi?"

A Pakkiyam anayang'ana pansi. Nkhalambayo inasiya nthabwala.

"Mawa mubwere kukanyumba kanga. Sitima iliyonse imaima pamenepo mpaka ine nditakweza mbendera yobiriwira. Kuichedwetsa sindingathe, andichotsa ntchito. Komatu ndine wokalamba, amayi, mkono wangawu sukwera msanga."

Umu ndi mmene zinayambira. Masana aliwonse a Pakkiyam ankati akukamwetera mbuzi udzu, n'kukwera m'mbali mwa njanji ndi chikwakwa m'manja, phukusi m'nsalu. Sitima inkaima kanthawi kongokwanira mawu ochepa, ndipo zimene anasunga mumtima zaka zonsezo zinkatuluka pang'onopang'ono, lero kenakake, mawa kenakake.

"Amayi!"

"Landira, zikadali zotentha."

"Amayi, mwaonda."

"Iwe wanenepa, zakwanira tonse."

Mbendera inakwera.

Tsiku lina: "Ababa ali bwanji?"

"Bondo. Pakamwa pokha ndiye pali bwinobwino."

Tsiku linanso a Pakkiyam anafunsa chimene chinkawasowetsa tulo. "Amakumenya?"

"Ndani, Wimalasiri? Munthu woti akaona mphemvu amaitana ine?"

Anthu a m'bogimo anazolowera. Ankamusiyira Thilaga mpando wa pazenera, ndipo mayi wina wogulitsa mapeyala ankati akawaona a Pakkiyam n'kukuwa kuti, "Aphunzitsi, hotela yanu yatsegula!"

Ndiyeno masana ena Thilaga sanakhale pazenera. Anaima pakhomo la bogi atagwira chitsulo, kuti mayi ake amuone thupi lonse. A Pakkiyam anayang'ana mimbayo, phukusi n'kuliiwala m'manja.

"Mwana iwe! Masiku onsewa osandiuza?"

"Ndimaopa kutchula. Woyamba anapita asanabadwe, chaka chatha." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya sari, nsalu yaitali imene anavala. "M'chipatala muja ndinkangoitana inu, amayi. Anamwino ankafunsa kuti mayi akewo ali kuti."

A Heenbanda anaugwira mkono wawo pansi mpaka woyendetsa sitima ataliza hutala. Sitima itapita a Pakkiyam anatsala ataima pamiyala. Nkhalambayo inatulutsa kampando kake, inawakhazika, n'kupita kukayang'ana zitsulo zimene zinalibe vuto lililonse.

Madzulo a tsiku limenelo, akupakula mpunga, mawu anawapulumuka. "Bambo a Thilaga, chakudya chapsa."

A Pakkiyam anaima ndi chipande m'manja kudikira mkuntho. A Sinniah anasamba m'manja, anakhala pansi n'kuyamba kudya. Patapita nthawi anati, "Kokonati akutha msanga masiku ano m'nyumba muno."

"Makoswe."

"Ndi ufa womwe?"

"Ndi ufa womwe."

"Hm." Anatafuna. "Ngati khoswe wake ndi amene ndikumudziwa ine, tsabola mukumusinjira wochepa. Amakonda woti munthu atuluke thukuta."

A Pakkiyam anaika chipande pansi. "Khoswe wakeyo ndi woyembekezera. Tsabola wambiri amuotcha pamtima."

A Sinniah anasiya kutafuna. Anayang'ana mbale yawo ngati mwagwera kanthu, kenako anadzuka n'kunena kuti akukaona ngati mbuzi yamangidwa bwino. Anakhalitsa kukholako, chonsecho mbuziyo anaimanga okha dzuwa lisanalowe.

Za nkhaniyo sanatchulenso. Koma Loweruka atapita kumsika anabwera ndi kokonati wambiri kuposa masiku onse, ndi kabotolo ka mafuta a chitowe amene amayi oyembekezera amadzola pamimba. Anakaika pashelefu osanena kuti ndi ka ndani.

Mvula itayambanso, a Pakkiyam anaterereka pokatunga madzi n'kubinya phazi. Pofika masana linali litatupa ngati papaya. Annamma anabwera, analisisita ndi mafuta otentha, analimanga ndi kansalu, n'kuwalamula kuti asaliponde. Phukusi la tsikulo linali litakulungidwa kale patebulo.

A Sinniah ankangolowa ndi kutuluka. Akafika patebulo ankaliyang'ana n'kupitirira.

"Zimenezi zingowonongeka."

"Patsani mbuzi."

"Mbuzi idye tsabola? Mukufuna kundiphera chiweto?" Anatulukanso, n'kubwereranso. "Ndikampatsa Heenbanda uja wopanda mano. Amangomwa madzi athu pachabe, adyeko."

Analowa kuchipinda, ndipo potuluka anali atavala malaya oyera amene ankapita nawo kukachisi kokha. Amuna awo atachoka, a Pakkiyam anadzikoka ndi matako mpaka pakhonde.

Anawaona akukwera m'mbali mwa njanji, ndodo kutsogolo, bondo likutsatira monyinyirika. Atafika pakanyumba ka mbendera sanalowe. Anakaima patali ndi njanji, chakumpanda wa tiyi, atagwira phukusi kutali ndi thupi ngati likuwaotcha.

Sitima inatulukira kumunsi n'kuyamba kukwawa pakhomopo. Thilaga anali ataima pakhomo la bogi. Anaona mayi ake ali pansi ndi phazi lomangidwa, ndipo anakuwa, "Amayi, mwatani?" A Pakkiyam anangoloza kumtunda.

Sitima inaima. A Sinniah sanasunthe. A Pakkiyam anaona mwana wawo akutembenuka, akugwira zitsulo za pakhomo ndi manja awiri, n'kuyamba kutsika chafutambuyo. Pamenepo panalibe pulatifomu. Sitepe yomaliza inali m'mwamba, pansi miyala yonyowa.

Mawu a a Sinniah anamveka mpaka kunyumba. "Wapenga iwe? Bwerera! Ndati bwerera!"

Thilaga anatsitsa phazi lina likufunafuna pansi. Ndodo inagwa, phukusi linagwa, ndipo munthu amene ankatenga m'mawa wonse kuti afike kumsika anadutsa kamtundako akuthamanga mokhotakhota. Anamugwira m'khwapa n'kumutsitsa pang'onopang'ono mpaka mapazi onse awiri atafika pansi. Sanamusiye msanga. Mutu wa Thilaga unali pachifuwa cha malaya oyera aja, mapewa ake akugwedezeka. M'mazenera anthu anali atatulutsa mitu. A Heenbanda anakweza mbendera, sitima n'kupita yopanda mphunzitsi wake.

Anatsika awiriwo mochedwa kwambiri, wina wa bondo, wina wa mimba, osadziwika kuti akutsamira mnzake ndani. Atafika pakhonde a Sinniah anayamba ndi iwo kulankhula, mokweza mawu kuposa mmene zinkafunikira.

"Taonani nsapato zimene wavala mwana wanuyu. Munthu wa pakati kuyenda ndi timapatapata pamiyala! Sukulu yonse ija anaphunzirako chiyani?"

Thilaga anafuna kuwerama kuti agwire mapazi a mayi ake monga mwa mwambo, koma mimba inamuletsa. A Pakkiyam anamukokera pansi pambali pawo, n'kumamugwira kumaso, m'makutu, m'tsitsi, ngati akuwerenga kuti zonse zilipo. Onse awiri ankalira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Mukalirira kunja anthu aziti kwagwa maliro," anatero a Sinniah. "Lowani m'nyumba." Iwo ndiwo anakoleza moto, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire, ndipo tiyi amene anapanga anali wowawa moti palibe anamumaliza.

Thilaga anaimbira foni mwamuna wake n'kugona kwawo. M'mawa bambo ake anamuperekeza kukanyumba ka mbendera, ndipo masana omwewo anakapempha kwa kapitawo zidutswa za mitanda yakale n'kukhoma kasitepe kolimba pamalo pamene bogi yomaliza inkaima. Kapitawo ataseka kuti tsopano madala alembedwa ntchito ku njanji, iwo anayankha kuti wina ayenera kukonza zimene anthu ophunzira aiwala.

Kuyambira pamenepo Thilaga ankatsika Lachisanu lililonse. Sizinali zonse zimene zinakonzeka. Dzina la Wimalasiri a Sinniah sankalitchula; akakakamizika ankati "uja wa mabasi", ndipo nkhani ikalowera kumeneko ankatuluka panja. A Pakkiyam sanawakakamize. Anali atakhala nawo nthawi yokwanira kudziwa kuti munthu ameneyu ukamukankha amakhala pansi.

Masiku ake atayandikira, Thilaga anasiya kupita kusukulu, ndipo posakhalitsa mphanga nayo inatha. Anthu a njanji anabwera kudzazula zitsulo ndi mitanda yawo n'kukweza pangolo. A Heenbanda anatsika kudzatsanzika atanyamula ketulo yawo, akuti awatumiza kwina kumene mlatho ukudwala.

"Madala, ndikusiyani ndi mtendere wanu uja munkaulira."

"Pita, watimalizira madzi," anatero a Sinniah, koma anamuperekeza mpaka kumsewu.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina, a Pakkiyam anamva kagalimoto ka matayala atatu kakuima kumsewu wa kumunsi. Munthu wina wamtali, woonda, anakwera njira ya m'malaini akufunsa kwa amayi otunga madzi. Atafika pabwalo anavula nsapato ngakhale anali akadali panja. Zikhadabo zake zinali zakuda ndi mafuta a injini, zooneka kuti wazichapa mpaka kutopa.

A Pakkiyam anamudziwa asanalankhule. A Sinniah nawo anamudziwa, chifukwa anaimirira pampando n'kugwira ndodo ndi manja awiri.

Wimalasiri anaphatikiza manja pachifuwa, n'kuyamba kulankhula Chitamili chimene mkazi wake anamuloweza pamtima. Lilime linkamukana. Mawu ena ankawameza, ena ankawatalikitsa pamene safunika kutalika, ndipo thukuta linkatsika m'masaya mwake. A Pakkiyam anagwirapo mawu awiri okha, "mtsikana" ndi "bwino", ndipo anakhala pansi pomwepo atagwira pakamwa.

"Wati chiyani?" anafunsa a Sinniah.

Wimalasiri anabwereza, moipa kuposa poyamba.

"Ndamva kuti kwabadwa mwana. Komano amene ali bwinoyo ndani, mayi wake kapena dokotala?"

"Onse, bambo. Onse bwino. Ine... kutenga inu. Galimoto pansi."

A Sinniah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ake opanda nsapato. Anamuyang'ana nthawi yaitali, moti a Pakkiyam anayamba kupemphera chamumtima.

"Mwana ameneyo asadzaphunzire kulankhula kwa iwe," anatero pomaliza. "Adzasekedwa m'malaini monse."

Wimalasiri sanamve zonse, koma anamva zokwanira. "Inu kuphunzitsa, bambo."

"Ndiyamba ndi iweyo. Vala nsapato, kuno kuli misundu." Anacheukira kwa akazi awo. "Inu, mukhala pomwepo mpaka liti? Mangani katundu, muuze Annamma za mbuzi."

Potsika njira ya kumsewu a Pakkiyam anali m'mbuyo ndi kathumba ka zovala pamutu. Patsogolo pawo mkamwini ankayenda pang'onopang'ono kuti asawasiye apongozi ake, ndipo pamene njira inaterera anatambasula mkono osayang'ana. A Sinniah anaugwira, nawonso osayang'ana.

"Nena kuti 'mdzukulu'," anamva amuna awo akulamula.

Wimalasiri ananena.

"Ayi, ayi. Ukulankhula ngati uli ndi mbatata yotentha m'kamwa. Tsitsa lilime. Nenanso."